Ndidzikometsere kwa abwana kapena ndingodikira? Yankho kwa mayi amene mawu awo samveka kuntchito

Kalata imene ndikuyankha yachokera kwa mayi wina amene agwira ntchito kwa zaka zinayi m'dipatimenti yogula katundu pa kampani ina. Akuti ntchito yawo amaidziwa bwino ndipo sanalandirepo chenjezo lililonse, koma akapereka maganizo pa msonkhano anthu amangoti zii, kenaka pakapita mphindi zochepa mnzawo wina akabwereza maganizo omwewo m'mawu ena, abwana amagwedeza mutu n'kumuyamikira. Miyezi iwiri yapitayi anapatsidwa udindo woyang'anira kagulu ka anthu asanu, ndipo m'kagulumo muli bambo wina wachikulire amene wakhala pakampanipo zaka 16 ndipo ankayembekezera kuti udindowo ukhala wake. Bamboyo sakana ntchito poyera, koma amachita chidodo pa chilichonse chimene wauzidwa, ndipo mayiwa amva kuti amawanena kumbali. Kalatayo yatha ndi funso ili: "Kodi ndiyambe kudzikometsera kwa abwana monga amachitira ena, kapena ndingolimbikira ntchito yanga n'kudikira kuti tsiku lina adzaona okha?"

Mayi, ndawerenga kalata yanu kawiri, ndipo ndiyambe ndi kunena kuti njira ziwiri zimene mwatchulazo palibe imene ingakufikitseni kumene mukufuna. Kudikira sikuthandiza chifukwa abwana anu saona ntchito yanu yambiri, amangoona zotsatira zake, ndipo ntchito yogwiridwa bwino ndi imene kawirikawiri simveka n'komwe, pakuti katundu akafika pa nthawi yake palibe amene amafunsa kuti wavutikira zimenezi ndani. Kudzikometsera nako phindu lake silikhalitsa, chifukwa kumakumangirirani kwa munthu mmodzi, ndipo tsiku limene munthuyo adzasamutsidwe kapena kupuma pa ntchito mudzatsala pakati pa anzanu amene akhala akuonerera zonse mukuchitazo. Chimene mukusowa ndi chikoka, kutanthauza kuti anthu azisintha maganizo kapena zochita zawo chifukwa cha mawu anu ngakhale palibe chowakakamiza. Chikoka chotere munthu amachisonkhanitsa pang'onopang'ono kunja kwa chipinda cha msonkhano, ndipo akalowa mu msonkhanomo amangotapa zimene anasunga kale. Mnzanu uja akamayamikiridwa pa maganizo amene munayamba ndinu kuwanena, n'kutheka kuti chimene chikumupindulira si kalankhulidwe kake ka tsiku limenelo, koma zimene wakhala akuchita masiku onse apambuyo.

Mu 1959 akatswiri awiri a ku America oona za kakhalidwe ka anthu pagulu, John French ndi Bertram Raven, anafotokoza magwero asanu a mphamvu zimene munthu amakhala nazo pa anzake. Atatu mwa magwerowa amabwera ndi mpando: udindo womwewo umene umapangitsa anthu kuona kuti muli ndi ufulu wowalamula, kutha kupereka mphotho, ndi kutha kupereka chilango. Awiri enawo amachokera mwa munthu mwini: ukatswiri umene anzake amauvomereza, ndi ulemu umene umawachititsa kufuna kukhala mbali yake kapena kufanana naye. Mu 1965 Raven anawonjezera gwero lachisanu ndi chimodzi, lomwe ndi kukhala ndi uthenga kapena mfundo zimene ena akuzifuna. Kalata yokukwezani paudindo inakupatsani mphamvu zitatu zoyambazo, mwinanso pang'ono chabe, popeza woyang'anira anthu asanu nthawi zambiri sakweza malipiro a munthu ndipo sachotsa munthu ntchito payekha. Mphamvu za mpando zimachititsa kuti anthu achite zimene mwawauza, koma amalekeza pomwe mwalekeza kunena. Sakutsinani khutu akaona kuti mukulowera kolakwika, ndipo satsala mphindi khumi kuti amalize chinthu chimene simunachitchule. Zimene bambo wachikulire uja akuchita n'zimenezo ndendende: akumvera mpando wanu popanda kukumverani inuyo.

Kuti pamalo a ntchito pali ulamuliro wina umene sulembedwa pa tchati cha maudindo, zinadziwika kalekale. Pakati pa 1924 ndi 1932, pa fakitale ya Hawthorne ya kampani ya Western Electric pafupi ndi mzinda wa Chicago, panachitika kafukufuku wotchuka wa momwe anthu amagwirira ntchito. M'chigawo chake chomaliza, mu 1931 ndi 1932, ofufuza anaonerera amuna 14 amene ankalumikiza mawaya a zipangizo za telefoni. Malipiro awo anakonzedwa kuti akagwira ntchito yambiri azilandira zambiri, koma gululo linali litaika lokha mlingo wa ntchito ya tsiku limodzi, ndipo wopyola mlingowo ankanyozedwa, kupatsidwa maina, ngakhale kumenyedwa chibakera pamkono. Amene ankakanena anzake kwa akuluakulu nayenso ankasalidwa. Malamulo a gululo anali amphamvu kuposa ndondomeko ya kampani. Kagulu kanu ka anthu asanu nakonso kali ndi malamulo ake osalembedwa, kali ndi munthu amene enawo amamuyang'ana kaye asanavomere chinthu chatsopano, ndipo sindikukayika kuti munthuyo ndi bambo wa zaka 16 uja. Pa chifukwa chimenechi, nkhani yake ndi imene ndiitalikitse kuposa zina zonse.

Yesani kaye kuona zinthu monga akuzionera iye. Anafika pakampanipo inu musanabwere ndi zaka 12, mwina ndiye anakusonyezani kumene mafayilo amasungidwa, ndipo tsiku lina anamva kuti udindo umene ankauwerengera wapita kwa munthu amene anamulandira yekha. Chimene chikumuwawa kwambiri si ndalama ayi, koma manyazi pamaso pa anzake, komanso mantha akuti zonse zimene akudziwa tsopano zilibenso ntchito. Munthu wotere mukamuuza chochita pagulu, makamaka ndi mawu okumbutsa kuti woyang'anira ndinu, mumakhala mukutsegula bala lomwelo m'mawa uliwonse. Sindikunena kuti chidodo chakecho n'cholondola. N'cholakwika, ndipo ndifika pa zoyenera kuchita chikapitirira. Koma musanafike pamenepo pali chinthu chimodzi chimene oyang'anira atsopano ambiri amachiopa, chomwe ndi kukhala naye pansi awiriwiri n'kutchula nkhaniyo mosabisa.

Musamuitanire ku desiki yanu ngati wopalamula. Pitani nokha kumene amakhala, pa nthawi imene ena atuluka, ndipo mulankhule mawu ofanana ndi awa: "Bambo, ndikudziwa kuti udindowu inunso mumauyembekezera, ndipo sindichita ngati sindikudziwa zimenezo. Pali zambiri za ogulitsa katundu athu zimene inu mukuzidziwa ndipo ine sindikuzidziwa. Ndikupempha kuti pa nkhani ya makontirakiti a chaka chamawa mutsogolere ndinu, ndipo ndikakapereka lipoti kwa abwana ndikanena kuti ntchitoyo ndi yanu." Mukatero mukhale chete, mumulole ayankhe ngakhale yankho lake litakhala lozizira. Chofunika kwambiri n'chakuti zimene mwalonjezazo muzichite mpaka kumapeto: gawo limene mwamupatsalo likhale lenileni, losati lomunyengerera ngati mwana, ndipo dzina lake limvekedi pamaso pa abwana iye ali pomwepo. Mukalonjeza n'kulephera, mudzakhala mutamupatsa umboni wa zonse zimene wakhala akunena za inu kumbali.

Ndinaonapo zotsatira za kusafunsa pa kampani ina imene ndinkaphunzitsako oyang'anira. Mnyamata wina wophunzira bwino atangopatsidwa udindo, m'sabata yake yoyamba anasintha fomu yoitanitsira katundu kuti ikhale yaifupi, ndipo fomu yatsopanoyo inalidi yooneka bwino. Wosunga katundu, bambo wa imvi amene ankavala magalasi omangidwa ndi kachingwe, anailandira, anaiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, n'kuiika m'dirowa osanena kanthu. Patatha masabata atatu zinadziwika kuti pa fomuyo panalibe malo olembapo nambala imene a dipatimenti ya zachuma amagwiritsa ntchito poyerekeza katundu wolandiridwa ndi risiti yake, ndipo mapepala a masabata atatu onsewo anayenera kulembedwanso. Mnyamatayo atafunsa mokwiya chifukwa chimene bamboyo sananenere, yankho linali lalifupi: "Simunandifunse, bwana." Bamboyo sananame, ndipo sanaphwanye lamulo lililonse. Anangosunga chimene ankadziwa, chifukwa palibe amene anamusonyeza kuti chinali chofunika.

Katswiri wina wa ku America, Edwin Hollander, anafotokoza mu 1958 chifukwa chake zinthu zimayenda chonchi. Iye anati munthu akamatsatira kakhalidwe ka gulu lake n'kumathandiza gululo kukwaniritsa ntchito yake, anzake amakhala ngati akumusungira chuma cha chikhulupiriro, ndipo chumacho chikachuluka m'pamene amamulola kuchita zosiyana ndi zozolowereka kapena kuwatsogolera ku njira yatsopano. Wofuna kusintha zinthu asanasonkhanitse chikhulupirirocho amakanidwa ngakhale maganizo ake ali abwino. N'chifukwa chake ndikulangizani kuti m'miyezi yoyambirirayi musathamangire kusintha zonse zimene mukuona kuti n'zokhota. Funsani aliyense wa asanuwo payekha kuti chimamuchedwetsa kwambiri pa ntchito yake n'chiyani, musankhepo chimodzi chimene mungathe kuchikonza msanga, kaya ndi siginecha imene imagona masiku anayi pa desiki ya munthu wina kapena kompyuta imene yakhala yowonongeka kwa miyezi, ndipo muchikonze. Kanthu kakang'ono kotere kadzakulankhulirani kuposa msonkhano wautali wofotokoza masomphenya anu.

Tsopano tibwere ku msonkhano kumene mawu anu amagwera pansi. Anthu ambiri amaganiza kuti mfundo zimamangidwa pa msonkhano, pamene nthawi zambiri msonkhano umangotsimikizira zimene anthu anakambirana kale m'makonde ndi m'maofesi. Munthu akamva ganizo latsopano koyamba pagulu, chimene chimayamba kubwera m'mutu mwake ndi funso lakuti ganizoli limuwonjezera ntchito yotani kapena limulanda chiyani, ndipo popeza alibe nthawi yolisinkhasinkha, amasankha kukhala chete. Zii amene mumamumva uja kawirikawiri si kukana, ndi kudzidzimuka. Mnzanu akabwereza ganizolo patapita mphindi khumi, anthu amakhala akulimva kachiwiri, litakhazikika kale m'maganizo mwawo, ndipo kuvomera kumakhala kosavuta. Choncho mukakhala ndi ganizo lofunika, musalisungire tsiku la msonkhano ngati chinsinsi. Kutatsala masiku awiri kapena atatu, pitani kwa anthu awiri kapena atatu amene ganizolo liwakhudze kwambiri, muwafotokozere, ndipo muwafunse moona mtima kuti akuonapo vuto lanji. Ena adzakusonyezani zofooka zimene simunazione, ndipo mudzazikonza musanachite manyazi pagulu. Enanso adzawonjezerapo kanthu, ndipo ganizolo lidzakhala lawonso.

Kafukufuku amagwirizana ndi zimenezi. Mu 1992 Cecilia Falbe ndi Gary Yukl anasanthula nkhani zambiri zimene anthu ogwira ntchito anafotokoza za momwe ena anayesera kuwakopa, n'kuyerekeza njira zimene zinagwiritsidwa ntchito ndi zotsatira zake. Njira zimene zinkachititsa kwambiri kuti munthu avomere ndi mtima wonse zinali kumufunsa maganizo kuti atenge nawo mbali pokonza chinthucho, ndi kumusonyeza kuti chinthucho chikugwirizana ndi zimene iye amazilemekeza. Zimene zinkalephera kwambiri zinali kukakamiza, kudalira lamulo kapena udindo, ndi kusonkhanitsa gulu kuti limupanikize munthuyo. Mfundo yomalizayi muisamale, chifukwa kufunsa anthu maganizo msonkhano usanachitike kumasiyana ndi kupanga kagulu koti kakagonjetse wina. Ngati pali munthu amene mukudziwa kuti adzatsutsa, ameneyo ndiye woyamba kumuona, kuti asadzaone ngati mwamutchera msampha.

Nanga mnzanu akabwerezanso ganizo lanu n'kulandira chiyamiko, mutani pomwepo? Musakhale chete n'kukadandaula pambuyo, komanso musapse mtima n'kunena kuti wakuberani. Lankhulani modekha nthawi yomweyo, mwachitsanzo kuti: "Ndathokoza kuti mwagwirizana ndi mfundo imene ndinaitchula poyamba ija. Ndiloleni ndiwonjezere ziwerengero zimene ndinakonza." Mukatero mwabweza ganizolo m'manja mwanu popanda kunyoza munthu, ndipo popeza ziwerengerozo muli nazo ndinu, aliyense aona yekha amene analiganizira mozama. Kumathandizanso kutumiza imelo yaifupi kwa abwana ndi okhudzidwa msonkhano usanachitike, kuti ganizolo likhale ndi dzina ndi tsiku. Vuto limeneli si lanu nokha, ndipo amayi amakumana nalo kawirikawiri. Mu 2016 nyuzipepala ya Washington Post inalemba kuti amayi ena amene ankagwira ntchito ku White House pa nthawi ya Pulezidenti Barack Obama anagwirizana kuti mmodzi akanena mfundo yofunika pa msonkhano, enawo aziibwereza n'kutchula dzina la mwini wake, kuti isalandidwe ndi wina. Inunso mukhoza kuyamba ndi kuchitira ena zimenezi. Mukamva mnzanu wofatsa atanena chinthu chanzeru chimene chadutsa osamveka, nenani kuti, "Tibwerere kaye ku mfundo imene anena achemwali aja." Anthu saiwala munthu amene anawakweza pamene akanatha kungokhala chete.

Za abwana anu ndinene izi. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa kudzikometsera ndi kuwamvetsa. Mu 1980 John Gabarro ndi John Kotter a ku Harvard Business School analemba m'magazini ya Harvard Business Review kuti ubale wa wantchito ndi bwana wake ndi wodalirana pakati pa anthu awiri amene onse amalakwitsa, ndipo wantchito ali ndi mbali yake pousamalira. Abwana anu nawonso ali ndi owayang'anira, ali ndi ziwerengero zimene amafunsidwa kumapeto kwa mwezi, ndipo ali ndi zinthu zimene zimawasowetsa tulo. Kodi mukuzidziwa? Kodi amamva bwino nkhani akaiwerenga kaye papepala, kapena mukawafotokozera pakamwa? Kodi amafuna tsatanetsatane kapena mfundo zikuluzikulu zokha? Ganizo lomwelo likhoza kukanidwa mukalipereka monga njira yochepetsera ntchito ya kagulu kanu, n'kulandiridwa mukasonyeza kuti lithetsa kuchedwa kwa katundu kumene iwo akhala akudzudzulidwa nako. Kuchita zimenezi si chinyengo malinga ngati zonse mukunenazo n'zoona. Ndipo pali lamulo limodzi limene ndimaliona kuti limaposa ena onse pa ubale umenewu: abwana asamve nkhani yoipa ya dipatimenti yanu kuchokera kwa munthu wina. Katundu akachedwa, kapena mukalakwitsa pa oda, pitani nokha msanga, munene chimene chachitika ndi chimene mwayamba kale kuchita. Wodzikometsera amabisa zoipa kuti nkhope ya bwana isakwinyike, ndipo n'chifukwa chake tsiku la mavuto bwana wanzeru safunsa iye.

Musaike mtima wanu wonse pa abwana ndi kagulu kanu kokha. Mu 1973 Mark Granovetter anasonyeza, kuchokera pa kafukufuku wake pakati pa anthu a m'dera la Newton pafupi ndi Boston amene anali atangopeza ntchito zatsopano, kuti uthenga wothandiza unkachokera kawirikawiri kwa anthu amene ankangoonana nawo mwa apo ndi apo kusiyana ndi anzawo apamtima. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: anzanu apamtima amadziwa zomwezo zimene inu mukudziwa, pamene munthu wa dipatimenti ina amamva zimene inu simumva. M'kampani yanu, mlembi wa abwana, woyendetsa galimoto, wolandira alendo, wa zachuma amene amalipira ogulitsa katundu ndi wosunga katundu ndi anthu amene angakuuzeni zinthu zisanafike poipa. Adziweni maina awo, muziwapatsa moni ngakhale tsiku limene simukufuna kanthu kwa iwo, ndipo mukatha kuwapeputsira ntchito, mwachitsanzo potumiza mapepala athunthu pa nthawi yake kuti asamakuthamangireni, chitani. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo kuntchito zimene mungapereke n'zambiri kuposa momwe mukuganizira: nthawi, uthenga, chithandizo pa tsiku lopanikizika, kuyamikira pamaso pa ena. Tiziana Casciaro ndi Miguel Sousa Lobo anapeza mu kafukufuku amene anafalitsa mu 2005 kuti posankha wogwira naye ntchito anthu amapewa katswiri wosautsa ngakhale akudziwa kuti ndi katswiri, ndipo amathamangira kwa munthu amene amamasuka naye. Ukatswiri wanu umapindula pokhapokha anthu akamafika kwa inu kudzaufuna.

Pano ndiyenera kuchenjeza mwamphamvu, chifukwa inu muli m'dipatimenti yogula katundu, kumene kuthandizana kumasanduka msampha mosavuta. Chithandizo chimene ndikunena ndi chimene mungachichite poyera, chimene simungachite nacho manyazi chitalembedwa mu lipoti. Kudumphitsa oda ya mnzanu pamzere popanda chifukwa, kuulula mitengo ya wogulitsa wina kwa wopikisana naye, kusainira katundu amene simunamuone, kapena kulandira mphatso kwa ogulitsa katundu si kumanga ubale, ndi kudzigulitsa. Amene mwamuchitira zoterezo sakhala ndi ngongole kwa inu. Inuyo ndi amene mumakhala m'manja mwake, pakuti akudziwa chinthu chimene chingakuchotsetseni ntchito. Mudzakana anthu ena, ndipo adzakwiya kwa kanthawi. Kanani mwaulemu, mufotokoze chifukwa, ndipo muzikana aliyense mofanana, chifukwa chimene anthu sapirira si kukanidwa koma kukondera.

Za miseche ndisatalikitse. Mwamva kuti bambo uja amakunenani, ndipo mtima ukufuna kubwezera kapena kufufuza mawu enieni amene ananena. Musatero. Amene wakubweretserani nkhaniyo adzatenganso yankho lanu kupita nalo kumene wachokera, litawonjezeredwa. Muzingoti, "Ngati ali ndi nkhawa, ndikonda kuti adzandiuze yekha," n'kusintha nkhani. Monga woyang'anira, musadandaule za munthu wa m'kagulu kanu kwa mnzake wa m'kagulu komweko ngakhale mutamukhulupirira bwanji, chifukwa womverayo amadziwa kuti mawa mudzanenanso za iye. Chimene chingakutetezeni kuposa kudziikira kumbuyo n'chakuti anthu azimasuka kukuuzani zovuta pamaso. Amy Edmondson wa ku Harvard, pofufuza magulu a anamwino m'zipatala m'zaka za m'ma 1990, anadabwa kupeza kuti magulu otsogoleredwa bwino ndi amene ankanena zolakwa zambiri, osati chifukwa ankalakwitsa kwambiri, koma chifukwa sankaopa kuziulula. Tsiku limene wina wa asanuwo adzabwere kudzakuuzani kuti walakwitsa, enawo adzakhala akuyang'ana nkhope yanu, ndipo momwe mudzamulandirire ndi momwe mudzadziwire ngati nkhani zidzapitirira kufika kwa inu kapena zidzayamba kuyenda kumbali.

N'zotheka kuti mudzachita zonsezi koma bambo uja osasintha, pakuti si munthu aliyense amene amakopeka, ndipo si udindo wanu kuchiritsa kukhumudwa kwake. Mupatseni nthawi yokwanira, mwina miyezi itatu kuchokera tsiku limene mudzakhale naye pansi. Pa nthawi yonseyo ntchito iliyonse imene mwamupatsa ikhale ndi tsiku lomalizira limene mwagwirizana, ndipo muzitsimikizira mgwirizanowo ndi imelo yaifupi yopanda mawu oopseza. Akachedwa, mufunseni awiriwiri chimene chamuchedwetsa, ndipo mulankhule za ntchitoyo, osati za mtima wake: munene kuti oda imene inayenera kutuluka Lachiwiri yatuluka Lachisanu ndipo dipatimenti ina yaima masiku atatu, osati kuti ali ndi nsanje. Zikapitirira, muuzeni pamaso kuti nkhaniyo mukupita nayo kwa abwana kapena ku ofesi yoona za ogwira ntchito, kuti asadzamve kwa wina, ndipo mupite ndi masiku ndi mapepala, osati madandaulo. Chimodzimodzinso ngati mutaona kuti mawu anu akukwiriridwa chifukwa ndinu mayi, kapena wina akukunyozani kapena kukuchitirani zachipongwe, nkhaniyo sikhalanso yofuna luso lokopa anthu. Muzilemba zimene zachitika, tsiku lake ndi amene analipo, n'kutsata ndondomeko ya madandaulo ya pakampani panu, ndipo ngati pali bungwe la ogwira ntchito mulidziwitse.

Pa sabata ikubwerayi sindikupemphani zambiri. Sankhani tsiku limodzi loti mukakhale pansi ndi bambo uja, ndipo musanapite mukhale mutaganiza kale gawo lenileni la ntchito limene mungalisiye m'manja mwake. Pa msonkhano wotsatira musapite ndi maganizo asanu. Pitani ndi limodzi, limene anthu awiri alimva kale ndipo alikonzako, limene muli nalo ndi ziwerengero zake papepala. Abwana akafunsa kuti ganizoli lachokera kuti, munene kuti ndi lanu, kenaka mutchule maina a awiri amene anakuthandizani kulikonza.